Wosonkha Moto wa pa Fakitale Yotsekedwa

Panali munthu wina amene ankagwira ntchito pa fakitale yoyenga mafuta a nthangala za thonje, kuchigwa kotentha uko, m'mbali mwa njanji. Ntchito yake inali imodzi yokha: kusonkha moto wa boyila. Kwa inu amene simunaione, boyila ndi chithanki chachitsulo chachikulu ngati nyumba, chomangidwa m'njerwa, ndipo pansi pake pamayaka moto wowiritsa madzi kuti nthunzi iyendetse makina. Pamalopo panali lamulo limene aliyense ankalidziwa, lakuti moto wa boyila suzima. Ankati boyila ikazizira njerwa zimang'aluka, mapaipi amachita dzimbiri, ndipo kuidzutsanso ndi chintchito. Choncho moto unkayaka usana ndi usiku, Lamulungu, ngakhale pa Khirisimasi. Munthu ameneyu analowa ntchito asanamere ndevu, ndipo imvi zinamupeza ali pakhomo pa ng'anjo yomweyo.

Masiku amenewo malowo anali amoyo. Mluzu wa fakitale ukalira mbandakucha, midzi yonse inkadzuka. Ngolo za thonje zinkandandalika mpaka kumsewu, amayi ankagulitsa zitumbuwa ndi thobwa pageti, sitima inkaima kudzatenga migolo ya mafuta. Kenaka thonje linayamba kuchepa. Alimi anagwa nalo ulesi, mabwana anayamba kunong'onezana m'maofesi. Tsiku lina mluzu sunalire, ndipo anthu anauzidwa kuti azipita kwawo.

Bwana wamkulu akukwera galimoto, anaona munthu uja ataima pafupi ndi ng'anjo, fosholo ili m'manja. Kaya anamumvera chisoni, kaya anangofuna kuchoka popanda womulirira, sindikudziwa. Anatsitsa galasi nati, "Madala, motowo musauzimitse. Tibweranso."

Mawu otere mabwana amangowataya, monga timanenera kuti tionana kwa munthu amene tikudziwa kuti sitidzamuonanso. Koma munthu uja anawatola nawasunga mumtima.

Anzake anabalalika. Ena anabwerera ku khasu, ena analowera kutauni, ena anamwalira. Iye anatsala. Njanji inamera udzu, akuba anazula mawaya ndi mafelemu a mawindo, mtengo wa mkuyu unaphukira pakati pa nyumba yosungiramo thonje. Masana malowo ankangomvetsa chisoni. Koma dzuwa likalowa, ngakhale mbuzi sizinkadutsako. Malata omasuka ankalira ndi mphepo. Maunyolo olendewera kudenga ankagundana okha. Mileme inkatuluka m'makina, kadzidzi ankalira pamwamba pa chumuni, ndipo fungo la mafuta akale linkakwera kuchokera pansi ngati kuti simenti ikutuluka thukuta. Nthawi zina munthu uja ankamva mapazi m'njira imene ankadutsa anzake a usiku. Ankamva ngati wina akumuitana pafupi ndi lamba wamkulu wa makina amene anadula mkono wa mnzake kalekale. Akatembenuka ndi nyali yake, panalibe munthu. Anthu a m'midzi akaona kautsi kakukwera m'chumuni mwezi ukuwala ankatseka zitseko, amati ziwanda zalowa ntchito. Sizinali ziwanda ayi. Anali nkhalamba imodzi yamantha, yogwada pakhomo pa ng'anjo.

Malasha atatha, anayamba kutola nkhuni. Nkhuni zitasowa, anazula mitengo ya mpanda, anang'amba zitseko za maofesi, anathyola mabenchi amene anzake ankadyerapo. Taonani nzeru za munthu! Pofuna kusunga fakitale, ankaiwotcha fakitaleyo pang'onopang'ono. Madzi a m'boyila anauma kalekale, ndipo motowo sunkawiritsanso kanthu. Kanali kamoto kongokwana kuwotchera mbatata, m'kati mwa ching'anjo chonsecho.

Tsono munthuyu anali ndi mkazi, a Nachisale, kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Mayiwa ankalima okha, ankafolera okha, maliro a m'mudzi ankapita okha, anthu mpaka anazolowera kuwaona ngati mkazi wamasiye. Mwezi ukatha ankasenza ufa ndi nyemba kukamusiyira mwamuna wawo pageti. Ankati, "Bambo, tiyeni kunyumba. Ine mphamvu zandithera." Iye ankayankha, "Ndibwera, mayi. Eni ake akangofika ndiwasiyire moto wawo."

Musaganize kuti sankawakonda. Ankawakonda kwambiri, ndipo akatembenuka kubwerera kumudzi ankawayang'ana mpaka atazimiririka, mtima ukumuwawa. Koma mumtima momwemo ankadziuza kuti mkazi amadikira, moto sudikira.

Usiku wina m'nyengo ya dzinja, mvula ikuwaza, anamva belu la njinga pageti. Anali mlamu wake, mlongo wawo wa a Nachisale, atanyowa thupi lonse. Anati, "Alamu, achemwali adwalika. Sakudya, sakumwa, akungotchula inu. Kwerani tizipita."

Munthu uja anayang'ana njinga, anayang'ananso ng'anjo. Nkhuni zonse zinali zonyowa, ndipo moto unali utatsala makala ochepa. Anadziwa kuti akachoka pomwepo, pofika m'mawa upezeka utazima. Anati, "Tsogolani, alamu. Ndingoika chitsa ichi chigwire moto, ndikupezani kukacha."

Mlamuyo anatembenuza njinga yake nalowa mumdima.

Usiku wonse munthu uja anagwada m'phulusa, akuuzira chitsa chonyowa. Utsi unkamulowa m'maso, ndipo misozi ina inali ya utsi, ina sinali ya utsi. Kangapo konse anaimirira kuti athamange, kangapo konse anagwadanso. Kunja malata ankalira, maunyolo ankagundana. Kum'mawa kukufiira, chitsa chija chinagwira moto. Anatseka chitseko cha ng'anjo, nauyamba ulendo.

Anawoloka mtsinje madzi akumufika m'chiuno. Atakwera mtunda, anapeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira yolowera m'mudzi, ndipo sanafunikenso womuuza. Pakhomo pake amayi ankalira, adzukulu anali atanyamula kale makasu. Mlamu wake anamukokera pambali nati, "Anakufunsani mpaka tambala woyamba. Atatero anasiya kufunsa."

Maliro anaikidwa. Anthu anamupepesa monga mwa mwambo, koma pomupatsa moni ankayang'ana kumbali. Atameta, anthu nabalalika, anapeza kuti m'nyumbamo mulibe chomudziwa. Sankadziwa pamene a Nachisale ankasunga mchere, sankadziwa malire a munda wawo. Ndiye anabwerera kumene anazolowera.

Anafika madzulo. Anatsekula ng'anjo napisa dzanja m'phulusa. Linali lozizira. Moto umene anausunga moyo wake wonse unali utazima masiku apitawo. Anayatsa nyali nazungulira boyila yonse kufunafuna ming'alu. Anagwira njerwa imodziimodzi. Panalibe chimene chinang'aluka. Panalibe chimene chinagwa. Mileme inatuluka pa nthawi yake, kadzidzi analira monga mwa masiku onse, ndipo palibe anabwera kudzamufunsa chifukwa chimene anazimitsira moto. Apo m'pamene analira kulira kumene sanalire kumanda. Anakhala pansi pakhomo pa ng'anjo yozizirayo, mdima n'kumukuta.

Abale ndi alongo, fanizoli ndi lathu. Ambiri a ife tili ndi ng'anjo imene timaigwadira. Kwa wina ndi udindo umene unatha kalekale koma akuuvalabe. Kwa wina ndi mkwiyo wa chinthu chimene anachichita munthu amene lero ali m'manda. Kwa wina ndi lonjezo la dziko lino, lakuti pirira pang'ono, zabwino zikubwera. Timathyola zitseko za nyumba zathu kusonkhera zimenezi, ndipo timazitcha kukhulupirika. Kukhulupirika n'kwabwino, koma dzifunseni kuti mukukhulupirika kwa yani. Amene anakuuzani kuti musazimitse motowo, akukukumbukirani n'komwe?

Mulungu sanachoke pa galimoto n'kukusiyani ndi fosholo. Iye ndi amene amabwera pageti mvula ikugwa, kudzera mwa mlamu, mwa mwana, mwa wodwala amene akutchula dzina lanu. Amaitana, amaitananso. Koma moyo wa munthu uli ndi malire, ndipo anthu amene Iye anakupatsani sadzafunsa za inu mpaka kalekale. Chowawa kwambiri n'chakuti tsiku limene mudzausiye motowo mudzaona kuti mukanatha kuusiya kale, popanda chogwa. Ngati pali amene akukuitanani lero, nyamukani lero, akadali ndi mawu okuitanirani.