Makoko a Mfuti mu Uvuni wa Mai a Brenda

Bambo Jailos a ku Woolwich, kutsidya kwa nyanja, sankakhulupirira munthu, ngakhale woŵerenga zanyengo pa wailesi. Ankangodalira mfuti yawo yakale, imene ankawombera chandamale kukalabu Loweruka lililonse, chiphaso cha boma chili m'thumba. Chaka chino anali atalumbira kuti chikho cha akuluakulu achilanda kwa a Overton, mnzawo wochokera ku Dedza.

Koma zipolopolo za mfutiyo zinasowa m'masitolo. A Overton anawapatsa makoko amkuwa zana limodzi a zipolopolo za mfuti yokulirapo, n'kuwabwerekanso chikombole chofinyira kuti akwane m'mfuti yawo, adzaikemo wonga n'kudzipangira okha zipolopolo.

"Achimwene, mutenthe kukhosi kokha kwa makokowa kuti kufewe, ndipo musanafinye mupake..."

"Ndidziwa kale," anadula a Jailos. Mumtima ankati: munthu amene tikulimbirana naye chikho angandiuze zoona? Akati khosi lokha, ndiye kuti chinsinsi chili m'thupi lonse.

Atafika kunyumba anatulutsa keke ya kutchalitchi imene akazi awo anali atangoika mu uvuni, n'kuyalamo makoko onse.

"Bambo a Brenda, kodi amenewa tidyera tiyi?" anafunsa akaziwo.

"Za amuna izi, mayi. Khalani pansi."

"Muwaimbire a Overton. Foni siluma."

A Jailos anangotsonya. Makoko anatuluka atafewa ngati nthochi yakupsa. Anamangirira chofinyira pa tebulo lodyera, naika khoko loyamba osapaka mafuta. Linaloŵa, koma kutuluka linakana. Anakoka ndi dzanja limodzi, kenako awiri, kenako anatsamiza phazi pa mwendo wa tebulo. Mwendo unathyoka, tebulo linagwada, ndipo a Jailos anakakhala pa keke ija.

"Tsopano yapsa bwino," anatero akazi awo.

Loweruka anafika kukalabu opanda chipolopolo n'chimodzi chomwe, atanyamula chikombole chotsekeka ndi thumba la makoko. A Overton anatola limodzi, nalipinda ndi zala.

"Mukanawombera awa, bwenzi lero tikutola nsidze zanu padenga. Mafuta aja munapaka?"

"Simunanene za mafuta."

"Munandidula ndili pa mafuta pomwepo, achimwene."

Tsiku lonse a Jailos anakhala pa benchi, akusunga majekete a anzawo. Madzulo a Overton, atapambananso, anawapempha kuti awagwirireko chikho pamene iwo ankamanga nsapato, ndipo a Jailos anachigwira ndithu, kwa mphindi imodzi yathunthu.

Akuluakulu sananame: Ndidziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.