Galimoto ya Gwape pa Dambo la Namitowe

Sendezani mpando kuno, inu muli kukhomo inu, mawu anga safika patali masiku ano. Iyi ndi nkhani ya Gwape, amalume ake a Njiri, ndi mnzake Nkhanga, mmene anakanganira magalimoto awiri.

Gwape anali waulemu, koma anali ndi nthenda imodzi: kuopa kusekedwa. Mudzi wawo unali kutsidya kwa dambo la Namitowe, chipatala chili tsidya lino, ndipo dzinja lililonse mayi ake ankabanika ndi mphumu. Chaka china anawaolotsa pa ngolo, n'kufika nawo atatsala madzi amodzi. Gwape analumbira kuti dzinja lotsatira mayi ake adzakwera galimoto.

Atagulitsa soya, mu Okutobala fumbi lili koboo, ananyamuka ndi awiri aja ulendo wa kutauni. Kogulitsa magalimoto anapeza awiri ofanana msinkhu, aja aang'ono koma onyamuka, okwera asanu, kumbuyo kolowa matumba awiri a chimanga. Mtengo unali umodzi. Ina inali yofiira psuu, denga lagalasi, kanema kutsogolo, mkati mozizira ngati m'mawa wa mu Juni. Inayo inali yotuwa, mipando yansalu, wailesi yake yogwira siteshoni imodzi basi.

Nkhanga, paja iye chonyezimira chilichonse n'chabwino, analumpha. "Aise, ukuganizanso chiyani? Iyi ukakaimika kutchalitchi, kwaya idzaiwala nyimbo! Yotuwayo asiyire mavenda a chimanga."

Mukudziwa kuti njiri imadya chogwada, ndiye kugwada sikunali nkhani kwa a Njiri. Anasuzumira pansi pa yofiira, nasuzumiranso pansi pa yotuwa, n'kudzuka mphuno ili mbuu.

"Mphwanga," anatero, "yofiirayi imakoka ndi matayala akutsogolo okha, mimba yake ikuchita kununkhiza nthaka. Yotuwayi imakoka ndi onse anayi, ndipo pansi pake ndingadutse ine ndi mano angawa. Tagwada uone wekha."

Tsiku limenelo Gwape anali atavala buluku loyera, ogula ena ali chiimire kuonerera. Nkhanga anafuula, "Agwireni amalumewo, ayamba kudya galimoto!" Onse anafa nacho chiseko.

"Amalume, sansani mawondowo," ananong'ona Gwape. "Mukutichititsa manyazi."

"Chabwino," anatero a Njiri. "Ndiye tikawayese pa njira yakwathu."

Wogulitsa anakana, nati kuyesa n'kwa pa phula pokha. Pa phulapo yofiira inkangoyandama, yotuwa ikugwedeza mano. A Njiri anapukusa mutu. "Phula ndi bwenzi la galimoto iliyonse. Mlongo wanga sakhala pa phula."

Gwape anayang'ana amalume ake, nayang'ana oseka aja, n'kuloza yofiira. Yotuwa inadzagulidwa ndi Bulu, venda wa chimanga wa pamsika wakwawo.

Miyezi iwiri inali ya chikondwerero, osanama. Dambo linali gwaa, galimoto inkaoloka ngati pabwalo la mpira. Mayi aja ankaisisita chitseko n'kumati, "Ine ndemwe, kukwera imeneyi?"

Mu Januwale mvula inagwa masiku anayi osakata. Tsiku lachisanu m'mawa mphumu ija inabwera, mayi akupuma ngati mluzu wothyoka. Anawagoneka pampando wakumbuyo, a Njiri atawagwira mutu, Nkhanga wakhala kutsogolo, Gwape n'kuliza galimoto.

Pakati penipeni pa dambo anangomva kuti fwaa. Mimba ya galimoto inakhala pamatope. Matayala akutsogolo ankangozungulira n'kumwaza thope, akumbuyo ali duu ngati alendo pa mlandu wa eni. Nkhanga, poopa kudetsa mawanga ake, anaulukira pachulu n'kumakuwa, "Ponda moto, aise!" Gwape akaponda, galimoto inkangomira.

Pamenepo Gwape anatsika nagwada. Anagwada m'matope ofika m'chiuno, akukumba ndi ziboda, a Njiri akufukula ndi mano, udzu ndi nthambi akuponyera pansi pa matayala. Panalibenso woseka.

"Mwana wanga, usadzipweteke," anatero mayi aja chapansipansi. "Mvulayi ikuoneka bwino padenga lagalasili."

Awo anali mawu awo omaliza. Pofika masana anali atatisiya, chipatala chikuoneka malata ake patsidya.

M'mawa mwake bokosi lamaliro linachokera kumsika, tsidya lino la dambo. Analinyamula ndi Bulu, pa galimoto yotuwa ija, mipando yakumbuyo ataipinda. Inalowa m'dambo ikubuula, matayala onse anayi akugwira ntchito, n'kudutsa pambali pa yofiira imene inali chimirire. Gwape anaiona ikutulukira kumudzi, naphimba nkhope.

A Njiri sananene kuti ndinakuuza, ayi. Anangogwada pafupi ndi mphwawo, n'kumalira mlongo wawo.

Phunziro: Galimoto usaisankhire maso a anthu, uisankhire njira yakwanu, ndipo njirayo uiganizire ili pa dzinja. Wokana kugwada pafumbi adzagwada m'matope.

Ndathera pomwepa, ana anga. Mukamva kuti wina kwanu akukagula galimoto, mukam'khazike pansi mokoma, mukamuuzeko za Gwape.