Matabuleti a M'kabati ya Ahedi

Ahedi, a Chingwalu, adatsekera matabuleti a sukulu, timakompyuta tam'manja tija, m'kabati chaka chonse, ati ana angawadetse. Atamva kuti omwe adapereka matabuletiwo akubwera, adaitana Mayi Nasibeko, mphunzitsi wa Sitandade 4.

"Muwauze kuti ana amaphunzirira pamatabuleti tsiku lililonse. Mukapanda kutero, akusamutsirani kusukulu yakutchire."

"Musadandaule, bwana."

Alendo atalowa m'kalasi, Mayi Nasibeko adati, "Katswiri wa matabuleti pano ndi ahedi, salola wina kuwagwira. Bwana, tawaonetsani alendowa."

A Chingwalu adalandira tabuleti, naitembenuza uku ndi uku. Mlendo wina adawayatsira. "Tatipititsani patsamba lachiwiri."

Ahedi adanyambita chala, nayamba kukanda pakona kuti avundukule tsambalo.

"Mwaonatu," adatero Mayi Nasibeko. "Kuno timaphunzira chonchi."