Chikopa cha Nungu ya a Benjamini

Asanakwatire, Frank ankaotcha nyama pachiwaya ku Madisi, ndipo mbiri yake idali pa mpeni. Mbuzi ankaisenda ngati akuivula malaya, osaboola chikopa ngakhale pamodzi. Sadali munthu woipa. Adali wansangala ndi wolimbika pakhasu, kungoti khutu lake linkamva bwino mawu a mwini wake yekha.

Atakwatira Lidia adakakhala pachikamwini ku Nachisaka. Adalimako zaka zinayi, ndipo adabereka mwana wamkazi dzina lake Hope. Tsopano mtima wake udali pa chitengwa, kuti atenge mkazi ndi mwana akakhale nawo kwawo ku Dzoole. Wovomera kapena kukana adali a Benjamini, malume ake a Lidia, eni mbumba. Frank adatumiza mawu kawiri, koma yankho linkangobwera lakuti, "Tamva."

Chaka chimenecho nungu idavuta m'munda wa a Benjamini, wa m'tsinde mwa phiri. Mbatata inkafukula, chimanga inkagwetsa n'kungoluma mbali imodzi ngati yochita mwano. Tsiku lina mkuluyo adaitana Frank.

"Akamwini, mundigwirire mbala imeneyi. Tikadzaidya limodzi, tidzakambirana nkhani yanu ija."

Frank sadadikire kuti amuuze kawiri. Adalondola mapazi ndi minga yothothoka mpaka adapeza mphanga pakati pa miyala, natchera msampha wa waya pakhomo pake. M'mawa wa tsiku lachitatu adatsika phiri akuimba mluzu, nungu yonona ili lendelende pamtengo. Adafikira pamsasa wa kumunda, pomwe Lidia ndi mng'ono wake Faines ankakumba mbatata.

"Eee, alamu! Lero ndiye mwaoneka ngati mwamuna!" adafuula Faines. "Ndikoleze moto ndifunditse madzi?"

"Madzi a chiyani? Ikufuna kusamba?" adayankha Frank akunola mpeni pamwala.

"Bambo a Hope," adatero Lidia mofatsa, "nungu mudayamba mwakonzapo? Bwanji mufunse kaye malume, kapena Fainesiyu. Iyeyu wakula akuwathandiza."

Frank adaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ine ndifunse Faines za nyama? Mbuzi zimene ndasenda ine zikuposa tsitsi la m'mutu mwakemo. Chili ndi miyendo inayi chimasendedwa, basi. Inu pitirizani mbatata zanuzo."

"Chabwino, aphunzitsi a ku Madisi," adatero Faines. "Ife mbuli tikhala chete."

Frank adakoloweka nungu panthambi ya msuku n'kuyamba kusenda. Chikopa sichidamumvere ngati cha mbuzi. Chinkang'ambika, chinkachoka pamodzi ndi mafuta, ndipo minga idamulasa kuzala katatu. Thukuta lidatsika, koma poti Faines ankamuyang'ana ndi diso la m'mbali, adangoluma mano. Atamaliza adaponya chikopacho kuseri kwa chulu, minga ili nyankhalala, nadula nyama n'kuitunga kutimitengo. Adasonkha moto wa zitsononkho, nayamba kuotcha akuimba.

Sadaone kuti Faines wasowa. Mtsikanayo adazungulira chulu, natola chikopa chija agalu asanachinunkhize. Kutsidya kwa kamtsinje adaika mafuwa atatu n'kutereka mphika wadothi. Adathira madzi owira pachikopa, minga n'kumazuka mosavuta. Adachiwawula pamoto wa udzu, nachipala ndi mpeni mpaka chidayera. Kenaka adachidula timagawo, nachiphika ndi mchere wokha, pang'onopang'ono, mpaka chidafewa m'mafuta ake omwe.

Dzuwa litafika paliwombo, a Benjamini adatulukira ndi ndodo yawo, nkhope ili mwee.

"Ndamva kuti mbala yagwidwa! Akamwini, mwandichotsa munga pamtima."

Frank adawayalira thumba pamthunzi, nawapatsa nyama patsamba la nthochi pamodzi ndi mbatata zootcha. Mkuluyo adaluma, natafuna. Adatafunabe. Nyama idali gwa, youma ngati chingwe cha fodya. Adaitembenuza uku ndi uku ngati munthu wofuna chinthu chotayika.

"Nyamayi ndaiona. Nanga mwini wake ali kuti?"

"Mwini wake uti, apongozi?"

"Chikopa, akamwini. Nungu ndi chikopa. Zinazi n'zoperekeza chabe."

 Frank adathamangira kuseri kwa chulu, napeza minga iwiri yokha ndi nyerere. Adabwerera akukokera mapazi, nagwada.

"Apongozi, ndalakwa. Ndinasenda ngati mbuzi, chikopa n'kutaya. Agalu atola."

"Galu wake ndine, alamu!" Mawuwo adachokera kumtsinje. Faines ankabwera atanyamula mphika ndi masamba, fungo lili patsogolo pake. Atavundukula, a Benjamini adaseka mpaka ndodo idagwa. Lidia adabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Mkuluyo adadya kagawo koyamba atatsinzina, mafuta akuyenderera m'zala. Adagawira Lidia, adagawira Faines, n'kupatulanso kena koti akapatse Hope kunyumba. Frank adangotsala ndi timitengo take m'manja, akumeza malovu.

"Alamu, idyani luso lanulo," adatero Faines. "Ife tikudya zotaya."

A Benjamini adanyambita zala, nayang'ana Frank mosakwiya.

"Akamwini, khasu mumalitha, ndipo nungu mwagwira. Ndinabwera ndi mawu abwino m'kamwa. Koma anakuuzani kuti mufunse, inu n'kuseka. Ku Dzoole ine kulibe, Faines kulibe. Mwana wa mlongo wanga akadzakuuzani kanthu kumeneko inu n'kuseka, chikopa adzatole ndani? Mulime nafe dzinja lina limodzi. Tikakolola, mudzabwere tidzakambe."

Frank adawerama kanthawi. Dzinja lathunthu chifukwa cha funso limodzi! Kenaka adadzutsa mutu, naseka yekha.

"Ndamva, apongozi. Tsono ndiyambe lero lomwe. Alamu, madzi aja mumathira atawira, kapena ofunda chabe?"

"Ohoo! Sukulu yatsegulidwa!" adakuwa Faines akuomba m'manja. Adamufotokozera zonse, namuponyera kagawo kotsiriza ka m'mphika. Frank atalawa adagwira pakamwa, maso ali tong'o.

"Mayo ine! Ndiye ndimataya zimenezi?"

Chaka chotsatira, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ngolo idanyamula katundu wa Lidia kupita ku Dzoole, Hope atakhala pamwamba pa mitolo. Frank ankayenda pambali, ndipo pamphambano iliyonse ankafunsa mkazi wake njira, ngakhale kuti kunali kwawo, mpaka Lidia adamuopseza ndi chipande. Ulendo umene ukadachitika chaka chatha udachedwa chifukwa cha mawu ochepa amene mwamunayo adawaona ngati otsitsa ulemu wake. Uchi udali pafupi, omudziwitsa adali pomwepo, koma akuluakulu sadaname ponena kuti safunsa adadya phula.