Wophika Amene Anakaniza Mpeni

Panali munthu wina wa ku Nsanje amene anapita ku Beira kukafuna ntchito, ndipo anamulemba yophikira asodzi m'boti lalikulu. Tsiku lina injini inafa ali pakati pa nyanja yamchere. Namondwe anadula maukonde, nakankhira botilo kutali kosaoneka mtunda. Ufa unatha. Madzi akumwa ankadikira a mvula.

M'botimo munali mkulu wina wodwala, wosathanso kudzuka. Njala itafika posauzana, anzake anayamba kumuyang'ana ndi maso ena. Mmodzi anapita kwa wophika uja n'kumunong'oneza kuti, "Achimwene, awa apita kale. Tipatseni mpeni, enafe tipulumuke."

Nayenso wophikayo m'mimba munali moto. Koma anasomeka mpeniwo m'chiuno, nakhala pansi, nagoneka mutu wa wodwalayo pamiyendo pake. Anati, "Akupuma awa. Wopuma ndi wa Mulungu." Madzi ake ochepawo ankawanyowetsera milomo ndi chala.

Mkulu uja anali atamva zonse. Anagwira dzanja la wophikayo nati, "Mwana wanga, wandisunga. Ambuye akanditenga, musandiponye m'madzi. Nsomba sizikusowa chakudya. Inu muli ndi ana akukudikirani. Mudye thupi langali, mupulumuke."

Anatsirizika mwamtendere. Anzakewo anamupempherera, namuimbira nyimbo ndi mawu osasa. Kenako, misozi ili mbwembwembwe, anachita zimene anawauza. Anakhala ndi moyo mpaka sitima ina inawatola.

Wophikayo anafunafuna mudzi wa malemuyo, nakagwada pamaso pa mkazi wake, nafotokoza zonse osabisa. Mayiyo anamufunsa kuti:

"Munawapha?"

"Ayi, mayi. Anatsirizikira pamiyendo pangapa."

Mayiyo anapukuta maso ndi chitenje. "Ndi mmene analili abambo akunowa. Sankatha kuona munthu ali ndi njala. Dzukani, bambo, lowani m'nyumba."

Abale anga okondedwa, njala inali yomweyo, thupi linali lomwelo, koma cholanda ndi chopatsidwa n'zosiyana. Akanapha, akanafika kumtunda akupuma, koma mitima itawola. Mavuto akakupanani, musayambe kuona mnzanu wofooka ngati chakudya chanu. Mugonekeni pamiyendo. Ndipo kumbukirani Ambuye wathu: palibe anawalanda moyo. Anaupereka okha, mwachikondi, nati kwa ife anjala, tengani, idyani.