Nsikidzi za pa Mdadada

Nyumba zake zinali za lendi, zitseko zisanu pamdadada umodzi, denga limodzi, khonde limodzi, mpopi umodzi kuseri. Makoma olekanitsa mabanja sankafika kumalata. Mwini nyumba anatseka mpatawo ndi siling'i yopyapyala, ndipo pamwamba pake panadutsa thabwa lalitali logwira denga, kuyambira chitseko choyamba mpaka chomaliza. Munthu akayetsemula kuno, wa kumapeto ankatha kunena kuti pepani.

Chitseko choyamba chinali cha a Kolala. Dzinali anawapatsa ndi aneba, chifukwa ngakhale popita kukataya zinyalala ankavala malaya oyera mbee, kolala ili njo ngati makutu a galu amene wamva mluzu. Anagwira ntchito nthawi yaitali pa hotela ina yaikulu, akuyang'anira ochapa ndi osita. Popuma pantchito anabwera kunyumba ndi zinthu ziwiri: pampu yopopera mankhwala ophera tizilombo, ndi chikhulupiriro chakuti anthu ena onse sadziwa kusamba.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi anali woyembekezera, mimba yoyamba. Panali kukokana pang'ono za kumene akafikire akatuluka kuchipatala, kwa makolo ake kapena kwa makolo a mwamuna wake. Asewere awo anali ndi nyumba yawoyawo ya mpanda, koma a Kolala anapambana mlanduwo ndi mawu amodzi. Anati khanda silifuna mpanda, limafuna ukhondo. Kuyambira tsiku limenelo ankayenda pakhonde ngati munthu amene wapatsidwa udindo ndi boma.

Nsikidzi zinafika nyengo yotentha, osagogoda.

"Abambo, taonani msana wangawu," anatero akazi awo m'mawa wina.

"Ndi udzudzu."

"Udzudzu umaluma pamzere ngati ukusoka?"

A Kolala anatembenuza matiresi, nayang'ana mumsoko. Anazipeza zili phee, zonenepa bwino, zina ndi ana. Ankazidziwa kuchokera kuhotela. Kumeneko mlendo mmodzi akadandaula, ankatseka zipinda zonse za mbali imeneyo n'kupopera tsiku limodzi, chifukwa nsikidzi ukaithamangitsa m'chipinda chino imangolowa chinacho. Nzeru imeneyi anali nayo. Koma kuti aigwiritse ntchito pano, panafunika kugogoda pazitseko zinayi ndi kunena pakamwa pawo kuti m'nyumba mwa a Kolala muli nsikidzi.

"Nkhaniyi ithere m'nyumba muno, mayi," anatero.

Anatseka chitseko, nakoka makatani, napopera kona iliyonse. Amene anafunsa za fungo anawauza kuti ndi polishi watsopano wapansi.

Khomo lachiwiri linali la mayi Telala, amene ankasoka zovala pakhonde. Iwo sankadziwa kuzungulira nkhani.

"Odi, a Kolala. Ndabwera kudzabwereka pampu."

"Kwanu kuli chiyani?"

"Zomwe zili kwanuzo."

"Kwathu kuli ukhondo, mayi."

"Ukhondo wake umenewo ukuwakanditsa amayi mpaka ife tikumva pasiling'i. Tiyeni tisanamizane, tonse ndife akuluakulu. Mdadada wonse ukuyabwa. Tisankhe tsiku limodzi, titulutse katundu, inu mupopere nyumba zonse, mankhwala tigula tonse."

A Kolala anakonza kolala yawo ndi zala ziwiri. Anafotokoza kuti pampuyo ndi chida chosakhwima, chosayenera kugwidwa ndi dzanja lililonse, ndiponso kuti pa moyo wawo anaphunzira kuti aliyense akasesa pakhomo pake, dziko lonse limayera. Mayi Telala anawayang'ana kuyambira kukolala mpaka kunsapato, nabwerera kumakina awo.

Choncho aliyense anasesa pakhomo pake, aliyense tsiku lake. Mayi Telala ankathira madzi owira pabedi. A Dalaivala a khomo lachitatu, oyendetsa basi, ankapaka palafini m'miyendo ya mipando. Banja lachinyamata la khomo lachinayi linkayanika matiresi kuseri likunamizira kuti mwana wakodzera. Nsikidzi zinaimvetsa ndondomekoyi kuposa eni ake. Kukanunkha mankhwala kuno, zinkakwera khoma, n'kuyenda pathabwa la denga, n'kutsikira kumene kuli mtendere. Fungo likatha zinkabwerera, zitawonjezeka.

"Zimenezi zimatsika siteji iliyonse," ankatero a Dalaivala akukanda khosi pampopi, "ndipo palibe imene inalipirapo."

A Kolala sankaseka nawo. Iwo ankakandira m'nyumba.

Masiku obadwa khanda atayandikira, mpongozi wawo, mwamuna wa mwana wawo uja, anabwera pa galimoto ya mnzake kudzasiya kabedi ka mwana. Anali mnyamata waulemu, wolankhula atagwira manja kumbuyo. Anamukhazika pasofa, ndipo a Kolala anayamba kumulangiza za malamulo a m'nyumba khanda likafika: aliyense azisamba m'manja asanaligwire, nsapato zizitsala pakhomo, matewera azisitidwa mbali zonse. Ali mkati molankhula, anaona kuti maso a mpongoziyo sali pankhope pawo. Ankatsatira chinthu china chimene chinkayenda pang'onopang'ono m'munsi mwa chibwano chawo. Pansalu yoyera chotero, ngakhale wakhungu akanachiona.

Mpongozi sakhudza khosi la apongozi ake. Anatsokomola, nayang'ana pansi.

"Bambo, pepani, muli ndi mlendo pakolala."

A Kolala anamuphwanya mlendoyo ndi chala, ndipo anasiya kadontho kofiira kamene kanali magazi awo omwe. Potsanzika, mpongoziyo ananyamulanso kabedi kaja, akuti waona msomali wina wosalimba, akakonze kaye.

Madzulo ake foni inalira.

"Adadi, musakhumudwe," anatero mwana wawo. "Ine ndimafuna kubwera kwathu, kwa amayi. Koma khanda silitha kudzikanda. Zikatha ndibwera. Zikapanda kutha, apongozi akonza kale chipinda."

M'mawa mwake a Kolala anakwera patebulo, nasuntha chidutswa cha siling'i, nawalitsa tochi pathabwa la denga. Linali ndi timadontho takuda ngati msewu wodutsa ng'ombe, ndipo timadonthoto tinkachuluka cha kumapeto. Mtima wawo unakhala pansi. Wolakwa anapezeka, ndipo sanali iwo.

Khomo lomaliza linali la a Londa, bambo wachikulire amene kale ankalondera masitolo. Matenda anawapha mkono ndi mwendo wa kumanzere. Mwana wawo ankagwira ntchito kutali. Chakudya ankawapatsira mayi Telala, koma nthawi zonse a Londa ankayankha ali mkati kuti ikani pakhomo pomwepo, nditenga. Panalibe amene ankakumbukira tsiku lomwe analowamo komaliza.

A Kolala anavala malaya ena, nakonza mawu awo m'njira. Anali mawu abwino, oyamba ndi ulemu, othera pa kuitana mwini nyumba. Anagogoda.

"Ikani pomwepo."

"Si chakudya. Ndine, wa khomo loyamba."

Anakankha chitseko. Fungo la nsikidzi zambiri ndi lotsekemera moipa, ndipo linawalandira dzanja la munthu lisanawalandire. A Londa anali pampando wapulasitiki pakati pa chipinda, kutali ndi makoma. Mwendo uliwonse wa mpandowo unali m'chitini cha madzi. Bedi linali pakona, loyalidwa bwinobwino, fumbi pamwamba.

"Mumagona pamenepa?"

"Pabedi ndinasiyira eni ake. Pampando pano zimavutika kuwoloka, ndiye zimadzigwetsa kuchokera kudenga. Koma ndi zochepa."

A Kolala anayang'ana mkono wa kumanja wa mkuluyo. Dzanja lamoyolo linkatha kukanda thupi lonse kupatula mkono wake womwe, ndiye a Londa ankaukhuza kumpando mpaka unachita zilonda kuyambira pachigongono kufika paphewa.

"Nanga bwanji osanena, achimwene?"

"Inu munanena?"

Mawu aja okonzedwa m'njira sanapezekenso. A Kolala anapinda manja a malaya, nagwira matiresi. Anali olemera, opindikira mbali imene munthu sakufuna. Anawakokera panja akupuma wefuwefu. Anabwerera kukatenga bedi, koma bedi lachitsulo silituluka pakhomo ndi munthu mmodzi. Analiimika, analigoneka, analitukwana chamumtima. Linakakamira pafelemu, iwo ali mkati, dziko lonse lili kunja.

"A Dalaivala," anaitana. "Tandigwirani kuno."

A Dalaivala anabwera akutsuka mano, nasuzumira pamwamba pa bedi.

"Kodi ukhondo wafika mpaka kumapeto kuno?"

"Gwirani miyendo, mukweze."

Bedi litatuluka, anapeza mdadada wonse uli pakhonde. Malaya a a Kolala anali ndi mizere ya dzimbiri ndi zina zosatchulika. Anayang'ana aneba awo mmodzimmodzi.

"Kwathu ziliko," anatero.

"Chiyani?" anafunsa mayi Telala, osasiya kupalasa makina.

"Mukudziwa."

"Ine ndimadziwa za polishi."

"Nsikidzi, mayi."

"Za kuhotela kapena wamba?" anafunsa a Dalaivala.

Loweruka lotsatira katundu yense wa mdadada anatuluka panja. Ndi tsiku limene anthu anadziwana zenizeni: matiresi a yani ali ndi mapu a mkodzo, sofa ya yani yaimira njerwa, ndani amasunga nsapato zosagwirizana pansi pa bedi. A Dalaivala anachotsa siling'i yonse. Amayi anawiritsa madzi m'migolo. A Kolala anamanga kansalu kumphuno, nayenda ndi pampu kumsana khomo ndi khomo, ndipo anayambira kumapeto. Atamaliza kupopera anayatsa simbi, nasita misoko ya matiresi onse ndi zovala za a Londa, chimodzichimodzi, chifukwa mazira a nsikidzi saopa mankhwala koma amaopa moto. Masana iwo ndi a Dalaivala anamunyamula mkuluyo ndi mpando wake womwe kupita naye kubafa, namusambitsa, namupaka mafuta pazilonda. A Kolala anagwira ntchitoyo akudandaula za sopo, kuti ndi wosatulutsa thovu.

"Kuhotela ankasambitsa alendo chonchi?" anafunsa a Londa, madzi akuchucha m'ndevu.

"Kuhotela alendo ankakhala chete."

Tsiku limodzi silinakwane. Mazira obisala m'ming'alu anayenera kuswa kaye kuti apoperenso, ndipo a Kolala anawauza anzawo zimenezi poyera, ngakhale ankadziwa kuti kalendala sili kumbali yawo. Khanda silidikira mazira a nsikidzi. Linabadwa pakati pa kupopera koyamba ndi kwachiwiri, mtsikana, ndipo potuluka kuchipatala galimoto inakhotera kwa asewere.

A Kolala anapita kukaona mdzukulu wawo ngati mlendo wina aliyense. Anagogoda pageti, nadikira. Asewere anawalandira ndi chimwemwe chosefukira, nawalozera beseni ndi sopo pakhonde.

"Musadandaule, asewere, ndi lamulo la aliyense. Ndipo jekete mungalisiye panja pomwepo, lipitidwe mphepo."

Anasamba m'manja, nasiya jekete. Anamunyamula mwanayo kwa kanthawi kochepa, mpaka wina anati mkono watopa, bweretsani. Pobwerera m'basi ankangoyang'ana pawindo. Akazi awo, amene anapita nawo limodzi, anawasiya, podziwa kuti chilonda cha mwamuna wonyada sachigwira ndi dzanja.

Kupopera kwachiwiri kunachitika, kenaka kwachitatu kongotsimikiza. A Kolala anazolowera kupita kumapeto m'mawa uliwonse, akuti kukayendera ming'alu. Kuyenderako kunkaphatikizapo kutembenuza matiresi, kumeta a Londa ndevu, ndi kukangana nawo za mpira. Mayi Telala anasiya kuika mbale pakhomo, ankalowa nayo. Anthu anayamba kugona mpaka kucha, ndipo ena ananenepa.

Mwana wa a Kolala anabwera mdzukulu atayamba kale kumwetulira. Sanakhulupirire mawu a munthu. Anapatsira amayi ake khanda, natembenuza matiresi, nayendetsa chikhadabo mumsoko kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, bambo ake ataima pakhomo ngati wophunzira wodikira zotsatira za mayeso. Kenaka anatuma mwamuna wake kukatsitsa zikwama.

Masabata oyamba aja, pamene khanda limanunkhira mkaka ndipo limagona pachifuwa cha aliyense, anapita kwa asewere, ndipo asewere sanalole kuti nkhaniyo iiwalike pa ukwati kapena pa maliro alionse. A Kolala nawonso sanasinthe n'kukhala mngelo. Mlendo akafika pamdadada ankamufotokozera momwe iwo anaganizira zoti nyumba zonse zipoperedwe tsiku limodzi, anthu ena akukana. Mayi Telala ankangoluma ulusi n'kupitiriza kusoka. Koma akafika pa bedi lachitsulo lija, a Kolala ankatsitsa mawu, n'kuvomera kuti pakanapanda wogwira miyendo bwenzi akadali m'chipindamo mpaka lero.

Akuluakulu ponena mwambi wawo anatchula nsabwe, koma nsikidzi ndi msuweni wake, ndipo malamulo a pabanjapo ndi amodzi: chala chimodzi sichiswa nsabwe.