Nthawi Yotamuka ya Bwana Mkwezalamba

Padali telala wina, Esinati, amene ankasoka pashopu ya bwana Mkwezalamba. Tsiku lina bwanayo adalamula kuti, "Kuyambira lero nthawi yoweruka pano ndi elastic."

"Ndiye kuti chiyani, bwana?"

"Chingerezi chimenecho. Chinthu chotamuka," adatero uku akukoka lasitiki wa m'chiuno mwa siketi ina imene idali patebulo.

Sabata yonseyo Esinati ankasoka mpaka dzuwa kulowa. Loweruka, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, adaphimba makina n'kunyamula chikwama chake.

"Ukupita kuti iwe?"

"Tagwirani apa, bwana."

Adawagwiritsa nsonga ya lasitiki uja, n'kukoka, n'kusiya. Lasitiki adawawomba pachala kuti thwa.

"Nthawi mwaikoka masiku asanu, bwana. Lero yabwerera."

Esinati adatuluka, bwana n'kutsala akuyamwa chala.